Galimoto Imene a Kamphinda Sanasankhe

Ku Nachisaka, m'boma la Dowa, mukafunsa za a Nedson Kamphinda, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani nyumba ya malata ofiira kuseri kwa tchalitchi. Kusekako si kwachipongwe ayi. Bamboyu anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo palibe mlimi amene anganene kuti anamunamizapo. Vuto lawo linali limodzi: funso la chaka chino ankaliyankha chaka chamawa.

Mbewu yatsopano ikafika ku ofesi, iwo sankathamangira kuilalikira. Ankadula munda wachitsanzo pakati, uku yakale uku yatsopano, n'kumalemba m'kope tsiku ndi tsiku kuti mvula yagwa liti ndipo mbozi zalowera mbali iti. Akakolola ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Chaka chino mvula inali yabwino, sitinganene kanthu. Tione kaye chaka cha ng'amba." Alimi anatopa nawo mpaka anawapatsa dzina loti a Tionekaye. Chowawa n'chakuti nthawi zambiri ankalondola, ndipo munthu amene wazolowera kulondola ndi wovuta kumulangiza. Anthu amanena kuti ngakhale akazi awo, a Faines, bamboyo anawayang'anitsitsa kukwaya zaka zitatu asanawafunsire.

A Faines kwawo ndi ku Ntchisi, kumapiri kwenikweni, kumene maminibasi safika. Umatsika pa boma, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza, maola awiri ukudumphadumpha m'miyala. Kumeneko kunali a Kristina, mkulu wawo, amene anawalera mayi awo atamwalira. Koma a Faines anayamba kudwala chiuno, ndipo adokotala a kuchipatala cha Mtengowanthenga anawaletseratu kukwera njinga yamoto. Zaka ziwiri zinadutsa awiriwa osaonana. A Kristina anali atakalamba ndipo anayamba kuiwalaiwala, koma pafoni sankaiwala kufunsa kuti, "Fai, ubwera liti?"

Mwana wawo Deborah, namwino amene amagwira ntchito kunja, ndiye anaganiza zothetsa nkhaniyi. Mwezi wa Meyi anatumiza pafoni zithunzi za galimoto ziwiri, kenako n'kuimba.

"Ababa, sankhani imodzi," anatero Deborah. "Zonse ndi zazitali zokwera mapiri, zoyendapo kale za ku Japan. Yoyerayo ndi ya petulo basi. Yotuwayo ili ndi injini ya petulo komanso batire lalikulu lotchaja pamagetsi a m'nyumba ngati foni. Mukatchaja mumayenda makilomita ngati makumi anayi osaotcha mafuta, batire likatha injini imadzuka yokha. Mukandiyankha lero, pakutha pa miyezi iwiri ifika pakhomopo, mukawasiye amayi kwa amayi aakulu."

A Faines anavina ali chikhalire pampando. A Nedson analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kope latsopano ndi cholembera. Mayiwo ataliona kopelo anasiya kuvina, chifukwa anali atakhala nawo bamboyo zaka zokwanira kudziwa tanthauzo lake.

"Bambo a Deborah, chonde, si chimanga ichi."

"Safunsa anadya phula, mayi," anayankha a Nedson akujambula mzere pakati pa tsamba.

Tisawanamizire, mafunso awo sanali opusa. Chaka chimenecho petulo ankasowa ngati nyama ya pamaliro a mmphawi, ndipo akamveka kuti wafika, mzere wa galimoto unkatalika mpaka kukhota. Magetsi nawo ankabwera ndi kupita ngati mlendo wosatsanzika. Choncho kumanzere kwa tsamba a Nedson ankalemba masiku amene petulo wapezeka, kumanja masiku amene magetsi ayaka tsiku lonse. Juni atatha anaona kuti magetsi apambana. Julayi atatha petulo anali patsogolo. Iwo anati miyezi iwiri si umboni.

Anapita ku Mponela kwa Frank, makaniko amene ankawakonzera njinga yamoto ya kuntchito kale. Frank atangoona chithunzi cha yotuwayo anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka.

"Madala, ija ya mawaya onenepa? Ine sindigwira. Ikafa muzikaikokera ku Lilongwe. Komanso batire lake lili kunsi kwa galimoto. Mwala umodzi wa ku Ntchisi, basi mwagula khola la nkhuku."

A Nedson anabwerako atatsimikiza za petulo. Koma Lamulungu lotsatira munthu wina kutchalitchi anawauza za a Eleanor, mayi wogwira ntchito kubungwe lina ku Dzaleka, amene anali ndi galimoto yotchaja yeniyeniyo. Lachiwiri anali kale kumeneko. A Eleanor anawakweza n'kuwazungulitsa, galimoto ikuyenda mwakachetechete mpaka mbuzi zosadziwa kuti kukubwera chinthu.

"Bambo, ine mzere wa mafuta ndimangoudutsa," anatero a Eleanor. "Magetsi akazima ndimayendera petulo, petulo akasowa ndimayendera magetsi. Mukufunanso chiyani?"

"Mwakhala nayo nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira Epulo."

"Ndiye kuti dzinja simunadutse nayo," anatero a Nedson, n'kulemba m'kope.

Kunyumba a Faines anali atasiya kufunsa mwaulemu. Mu Ogasiti anapempha kuti angobwereka galimoto ya munthu. Dalaivala woyamba anakana msewuwo, wachiwiri anati alibe mafuta, ndipo a Nedson sanafunefune wachitatu. Anati n'chifukwa chiyani kuchonderera anthu pamene yawoyawo ikubwera. Mu Seputembala a Kristina anaimba, n'kufunsa kawiri ngati mayi awo aja, amene anamwalira kalekale, abwerako kudimba. A Faines anadula foni n'kulira.

"Achemwali akutha, bambo a Deborah. Mukundimva? Akutha ine ndili pano kudikira kope lanu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndionetsetse anathetsa nkhosa!" anakalipa a Faines, ndipo tsiku limenelo sanalankhulanenso.

Mu Okutobala Deborah anaimba atakwiya. Yoyera ija inali itagulidwa ndi wina, ndipo iye anali atapeza inzake yofanana nayo. A Nedson anafunsa chaka chimene inapangidwa, ndipo atamva kuti yasiyana ndi yoyamba ija ndi chaka chimodzi, anati imeneyo ndi mbewu ina, ayenera kukamufunsanso Frank. Deborah anati angosankha yekha. Bambo ake anamuletsa mwamphamvu, nati mwana amene ali kunja sangadziwe matope a kuno, ndipo woyendetsa galimotoyo ndi iwo. Mwanayo anawaopa, monga anawaopera kuyambira ali wamng'ono, ndipo pamenepo ndi pamene analakwitsa nayenso.

Chimene a Nedson ankadikira kwenikweni chinali mvula. Ankafuna aone ngati galimoto ya a Eleanor iwoloke mitsinje osafa batire. Sikuti sankawakonda akazi awo. M'mutu mwawo ankaona a Faines atakhala m'galimoto yakufa pakati pa phiri, mvula ikugwa, ndipo ankaopa kuti anthu adzati mlangizi uja wagula chinthu osachiyesa. Pa mantha awiriwa, achiwiriwo ndi amene anali aakulu, ngakhale iwo sakanavomera.

Mvula inagwadi. Galimoto ya a Eleanor inawoloka mitsinje mu Disembala yense popanda vuto. A Nedson anati Disembala ndi chiyambi chabe, matope enieni ndi a mu Febuluwale.

Pakati pa Januwale, m'mawa, kunabwera foni yochokera kwa mpongozi wa a Kristina. Anati gogoyo sakudya bwino ndipo wasiya kutchula anthu mayina. A Faines sanakambirane ndi munthu. Anamanga kachikwama, n'kutenga ndodo yawo, n'kuyamba kutsimphina kulowera kumsewu. A Nedson anawatsatira akunena kuti angodikira milungu itatu yokha, koma ankangolankhula ndi msana.

Pa boma la Ntchisi a Faines anakwezedwa pa njinga yamoto ndi anthu awiri. Anatenga chitenje n'kudzimanga m'chiuno pamodzi ndi wakabazayo kuti angagwe. A Nedson anakwera ina kumbuyo, ndipo kwa maola awiri anaona zonse. Njinga ikagunda mwala, mutu wa akazi awo unkagwera paphewa la wakabaza. Pamalo ena anatsika kuti njinga iwoloke yokha, ndipo a Faines anakwawa m'matope chifukwa mwendo unakana. Galimoto iliyonse mwa ziwiri zija ikanadutsa pamenepo. A Nedson anaona zimenezo ndi maso awo aulangizi, ndipo anachita manyazi.

Anafika dzuwa litapendeka. A Kristina anali pamkeka pakhonde, ataonda, koma atavala bwino ndiponso akumwetulira. A Faines anagwada movutikira n'kuwagwira manja onse awiri.

"Achemwali, ndabwera. Ndine Fai."

A Kristina anawayang'ana nthawi yaitali, mwaulemu wonse umene munthu amapereka kwa mlendo.

"Takulandirani, amayi. Mwachokera kuti?"

"Ndine Faines, mng'ono wanu."

"Ee, ndili naye mng'ono wanga Faines," anatero a Kristina mokondwa. "Anakwatiwa ku Dowa. Akuti abwera pa galimoto. Mukamuona mumuuze afulumire."

A Faines anangokhala pansi pamkekapo, n'kuyamba kuwakonzera achemwali awo mpango umene unali utapendekeka.

A Nedson anachoka pakhondepo n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, pamene foni inkagwira. Anaimbira Deborah.

"Mwanawe, gula. Gula lero."

"Iti, ababa? Ya petulo kapena yotchaja?"

"Iliyonse. Imene ingafike msanga."

Anabwerera kukhonde foni ili m'manja, Deborah adakali pomwepo, kuti akazi awo amve okha kuti nkhani yatha. A Faines sanadzutse mutu.

"Muuzeni mwanayo asavutike," anatero. "Amene ndinkafuna kudzamuona sindinamupeze."