Nyumba Imene Ndinalowa Osanenerera

Ine ndinakulira ku Ndirande, ku Blantyre, kumene anthu akunja amati n'kwa akuba, ndipo kwathu kugula chinthu pa mtengo umene watchula mwini wake timakuyesa matenda. Ngakhale singano ndinkanenerera. Njira yanga inali imodzi: usanafunse mtengo, yamba wanyoza katunduyo. Nsapato uyang'ane kunsi, upukuse mutu. Jekete ya pa kaunjika uinunkhize, utsokomole. Wogulitsa akayamba kuchita manyazi ndi katundu wake yemwe, pamenepo ndiye ufunse. Nzeru imeneyi inandidyetsa m'tauni. Ku Mchinji inatsala pang'ono kundiwotchetsa.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, aliyense wokhala ndi sikelo ndi lole ataloledwa kugula mbewu kwa alimi. Kampani ina inandilemba ntchito yoyang'anira dipoti yogula mtedza ndi soya kwa Mlonyeni, pa kamsika kena kufupi ndi malire a Zambia. Dipotiyo inali isanatsegulidwe. Anandiuza kuti nditsogole ndikapeze pokhala, sikelo ndi matumba zinditsatira. Chikwama ndinasiya ku resiti hausi ku boma, n'kukwera matola m'mawa, manja m'thumba, ngati munthu wodziwa dziko.

Woyamba kundionetsa malo anali mwini golosale, Msilamu wofatsa wa kapu yoyera. Kuseri kwa sitolo yake kunali chipinda cha simenti, mjigo uli pafupi. Vuto linali lakuti pabwalo pake mowa sufika, ndipo mtengo sanafune kusuntha. Nditatembenuka kuti ndizipita, monga timachitira kuti atiitanenso, iye sanandiitane. Anangoti, "Achimwene, gonani kuno kumsika, kuli anthu. Kumtunda uko kuli ng'ombe, ndipo kumene kuli ng'ombe masiku ano anthu sagona tulo."

Ndinaseka chamumtima. Mawu otero ndinkawadziwa: wamalonda aliyense amaipitsa kwa mnzake. Ndinasuzumira zipinda zina kuseri kwa bala, kumene nyimbo za ku Zambia zinali zitayamba kale dzuwa lisanafike pamutu, ndipo fungo la mkodzo linandibweza ndisanafunse n'komwe. Ndiye ndinalunjika kumtunda kuja.

Kunali kokongola, ndisaname. Alimi a fodya anali atamanga nyumba za njerwa zowotcha, malata akuwala, zigafa zili kuseri. Ndinayenda pang'onopang'ono, kuima apa, kusuzumira apo, kuzungulira nyumba za eni ngati woyeza malo. Mayi wina wamasiye anandionetsa nyumba imene anamanga mwana wake asanapite kukagwira ntchito ku Chipata. Nditangoiona ndinaifuna. Ndipo chifukwa ndinaifuna, ndinayamba ntchito yanga yonyoza.

Ndinagwedeza chitseko. "Mayi, ichi munthu kungokankha ndi phewa, walowa."

Ndinalowetsa mutu ndi mapewa pawindo. "Zitsulo palibe. Onani, ine wamkulu ndikukwanapo."

Mayiwo anangoti, "Ee."

"Agalu alipo pano?"

"Anafa."

"Nanga khola ili ndi la ndani? Eni ake amagona pafupi?" Ine ndinkafuna ndidandaule za ntchentche ndi fungo la ndowe.

"Ndi la achimwene anga."

"Kanjira aka kakupita kuti?"

"Ku Zambia."

"N'kutali? Nanga apolisi ali kuti kuno? Munthu atakuwa, angafike msanga?"

Funso lililonse mayiwo mawu ankacheperachepera, maso pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Ine mumtima ndinati wafewa. Kenako anati, "Takhalani pakhondepo, bambo. Ndikaitane achimwene, za mtengo amadziwa ndi iwo."

Ndinakhala pakhonde, mwendo pa mwendo, ndikukonza mawu otsiriza. Choyamba chimene ndinaona chinali mayi wina akukokera ana ake m'nyumba n'kutseka. Kenako nkhuku zokha ndi zimene zinkamveka. Kenako anatulukira kuseri kwa chigafa, osati munthu mmodzi ayi, koma gulu la amuna, ena nkhwangwa paphewa, ena zikwanje. Kumbuyo kwawo mwamuna wina wamfupi ankagubuduza tayala lakale la galimoto. Ku Ndirande ndinali nditaonapo ntchito ya tayala. Mwendo umene ndinausanjika uja unakana kutsika.

Achimwene a mayiwo anali bambo wamtali wa imvi, chipsera chachikulu chochokera kukhutu mpaka kuchibwano. Anandipatsa moni wonse bwinobwino, mpaka kufunsa ngati kunyumba ndasiya ali bwino, ndipo ulemu umenewo unandiopsa kuposa nkhwangwa.

"Tamva kuti mukufunsa za agalu."

"Ndikufuna nyumba ya lendi, bambo. Ndabwera kudzagwira ntchito pa dipoti."

"Dipoti yake iti?"

"Sinatsegulidwe."

Wina anaseka. "Katundu wanu ali kuti?"

"Ku boma."

"Akukudziwani ndani kuno?"

"A golosale aja."

"Munadziwana liti?"

"Lero."

Mayankho anga onse anali oona, ndipo ine ndemwe ndinkamva kuti akumveka ngati a wakuba. Bambowo analoza chipsera chawo. "Dzinja lathali kunabwera mnzanu wina. Iye ankati akugula nkhuku. Anafunsa za agalu, anafunsa za kanjira aka, anafunsa za apolisi. Sabata isanathe anabwera ndi anzake a mfuti. Ng'ombe zambiri za mudzi uno zinawoloka malire, ine anandisiyira ichi. Koma iye uja anali ndi manyazi, sanalowetse mutu pawindo."

"Wayezeratu ndi mapewa!" anakuwa wa tayala uja. "Palafini ali kwa ndani?"

Ndinalumbira pa Mulungu, pa manda a bambo anga, pa mpingo umene ndinali nditasiya kupitako. Ndinafotokoza kuti m'tauni timanyoza nyumba kuti lendi itsike. Anayang'anana. Mmodzi anati, "Ndiye kuti munthu ukafuna mkazi umayamba wamuuza kuti ndi wonyansa?" Anaseka, koma palibe amene anatsitsa nkhwangwa.

Anandipulumutsa ndi mayi wamasiye uja, ngakhale sindidziwa ngati unali chifundo kapena malonda. Anati, "Achimwene, ngati akufunadi nyumba, alowe. Lero lomwe. Wakuba sagona pamene akufuna kuba." Ndipo anatchula mtengo woti ngakhale ku Namiwawa, kwa anthu olemera, akanachita nawo manyazi.

Pakamwa panga, mwa chizolowezi, panatseguka pokha. "Koma mayi, dengali..."

Tayala lija linadunda pansi kamodzi.

"Dengali ndi labwino zedi," ndinatero.

Bambo wa chipsera anagwedeza mutu. "Mukhala pano, tikuonani. Koma tsiku limene ng'ombe idzasowe m'mudzi muno, ife sitidzapita kutali kukafunsa."

Umu ndi mmene ndinasankhira dera lokhala. Chikwama changa anakanditengera ndi wa matola, chifukwa ine sanandilole kuchoka.

Dipoti inatsegulidwa, anthu anandiona ndikuyeza mtedza wawo, ndipo ndinkayesa nkhani yatha. Sinathe. Wa tayala uja anabwera ndi thumba lake la soya, n'kundiyang'ana m'maso ndikuwerenga sikelo. "Ntchito mukugwiradi," anatero. "Komanso wakuba amatha kugwira ntchito."

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali m'khola la eni. Sindinawetepo ngakhale mbuzi, koma ng'ombe zimenezo ndinazidziwa iliyonse, yamathothomathotho, yothyoka nyanga, yakuda yaukali imene inkakoka ngolo. Madzulo zikamalowa ndinkaima pakhonde kuona ngati zakwana. Ina ikachedwa kudambo, ine ndinkatsika kukaichingamira. Kwathu sindinapiteko, poopa kuti akuba angabwere ine kulibe, anthu n'kuti ndapita kukawatenga. Anzanga a ku Blantyre atafuna kudzandiona ndinawakaniza, chifukwa nkhope zawo ndinkazidziwa. Mudzi ukanangowaona, palafini akanapezeka. Kutchalitchi ndinabwerera, n'kumakhala kutsogolo, ndipo ena akamapempherera mvula ndi odwala, ine ndinkapempherera ng'ombe.

Mwini golosale ndikapita kukagula shuga sankandikumbutsa kanthu. Ankangofunsa kuti, "Tulo tikupezeka kumtundako?"

Zinachitika m'nyengo yozizira, anthu atakolola. Ndinadzidzimuka m'mamawa ndi kulira kwa mayi wamasiye uja. Nditatuluka ndinaona mitengo ya kumbuyo kwa khola itazulidwa, m'kati muli ndowe zokha zikufuka nthunzi. Akubawo anabwera mwakachetechete, ndipo ine mlonda wamkulu wa ng'ombe ndinagona osamva kanthu. Ndinaganiza zothawa. Koma kuthawira kuti? Kumsika kunali kotsetsereka poyera, aliyense akanandiona. Njira ina inali ya ku Zambia, kumene kunapita ng'ombe.

Amuna anasonkhana. Palibe anandilankhula, koma aliyense pofika ankayamba wayang'ana ine, kenako khola. Bambo wa chipsera anabwera pakhonde, mkondo m'manja.

"Valani nsapato."

Ziboda zinaoneka bwino pa mame, kulowera kanjira kaja. Titafika pamene minda ithera, gulu linaima. Onse ankadziwa kuti kutsogoloko kuli mfuti. Wa tayala uja anandikankha pamsana ndi mpini wa nkhwangwa.

"Tsogolani inu. Anzanu sakuwomberani."

Ndinatsogola. Sindidziwa ngati pali munthu anayendapo ulendo wotero: kutsogolo mfuti, kumbuyo nkhwangwa, iwe pakati ndi nsapato za ku ofesi. Udzu wa tsekera unali wautali kuposa ine, wonyowa, ukundimenya kumaso. Chitsamba chilichonse chinkaoneka ngati munthu wogwada. Ndikachepetsa liwiro, mpini unkandigunda. Ndikafulumira, wina ankati, "Akuthawa, muoneni!" Malire sindinawaone, kulibe mpanda kumeneko, ndinangomva wina akunong'ona kuti tawoloka. Ndinayamba kuganiza za mayi anga, kuti adzamva bwanji, ndipo adzamva kuti ndinafa ngati wakuba kapena ngati chitsiru.

Dzuwa litakwera pang'ono tinamva ng'ombe ikulira kudambo, patsogolo pathu. Akubawo anali atachedwa: yakuda ija inali itatitimira m'matope mpaka m'mimba, ndipo ankalimbana nayo. Ine ndinatulukira poyera ndekha, pafupi ndi mtengo wa mkuyu, anzanga akadali mu udzu. Ndinaona munthu wa jekete lalitali akutembenuka. Sanafunse kuti ndine yani.

Kulira kwa mfuti sindinakumve bwino. Chimene ndikukumbuka ndi khungwa la mkuyu likuphulika pambali pa khutu langa, tizidutswa tikundilasa patsaya. Yachiwiri inafukula dothi pafupi ndi phazi. Ndinagwa chafufumimba m'matope, ndipo thalauza linafunda mwadzidzidzi. Ndinamva anthu akuthamanga mbali zonse, akuba kulowera kwawo ndi ng'ombe zotsala, anzanga kubwerera mu udzu.

Ndili chigonere, matope m'kamwa, munabwera m'mutu mwanga ganizo limene sindinaliuzepo abusa: zikomo Ambuye, andiwombera. Andiwombera pamaso pa mboni.

Patapita nthawi ndinamva munthu akukwawa. Anali bambo wa chipsera. Anandigwira mwendo, kenako msana, kufufuza magazi.

"Mwavulala?"

"Kaya."

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana mkuyu, pamene panayera chifukwa cha chipolopolo. Anaika dzanja pamenepo, n'kuliyerekeza ndi msinkhu wanga. Wa tayala uja anatulukira, nayenso anayang'ana mtengowo nthawi yaitali.

"Anzanu amenewa sakukondani," anatero. Palibe anaseka. Anandipatsa dzanja n'kundidzutsa.

Ng'ombe yakudayo tinaizula ndi zingwe ndi mitengo, tonse matope mpaka m'khosi, zimene zinandithandiza chifukwa palibe anazindikira za thalauza. Zina zonse zinapita. Apolisi a mbali zonse ziwiri anauzidwa, koma sitinazionenso. Pobwerera ndinayenda pakati pa gulu, ndipo titafika bambowo anauza anthu amene anadikira pabwalo kuti, "Mlendoyu musiyeni. Akanafa lero." Mayi wamasiye ananditenthetsera madzi osamba. Anandipatsanso kapu ya tiyi.

Madzulo ndinawaona bambowo atakhala pa chitsa pafupi ndi khola, akuyang'ana ng'ombe imodzi m'malo mwa gulu lonse limene anaweta moyo wawo wonse. Chimwemwe changa chinandichititsa manyazi. Ndinapita kukakhala pansi pambali pawo. Iwo ndiwo anayamba kulankhula.

"Mukanafa, ndikanakauza ndani? Sindidziwa n'komwe kwanu."

"Ku Ndirande, bambo."

Anatembenuka n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Munachita bwino osanena tsiku lija," anatero.