Mwamuna wa pa Sopo

Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, chaka chachitatu cha ufulu, ndinali pakhonde kwathu ku Chiparamba ndikuswa mtedza. Azakhali anatuluka m'nyumba ya alamu anga atanyamula timapepala tokutira sopo, tosalazidwa bwino.

"Mtengwa, nchiyani ichi?" azakhaliwo anawafunsa alamu. "Mwamuna wako sanawole n'komwe, iwe ukugona ndi amuna amaliseche pansi pa mphasa?"

Alamu anangogwada, mwana ali kumbuyo.

Achimwene anga anafera kumigodi nthawi ya mvula, ndipo anaikidwa komweko. Sitinaone mtembo. Chithunzi chawo tinalibenso, chifukwa ankati adzajambulitsa akadzagula suti. Alamu anali akadali m'zovala zakuda. Mpaka akuluakulu atawasudzula, sankayenera kusamba sopo wonunkhira kapena kuyang'ana mwamuna kawiri. Akalakwa, akanabwezedwa kwawo, mwana n'kutsala ndi ife.

Sopoyo anabwera chaka chomwecho. Kale pa zikwangwani za masitolo pankakhala akazi achizungu. Tsopano pakhoma la sitolo ina ku Kapata anakhomapo mwamuna wakuda ngati ife, wopanda malaya, kathawulo m'chiuno, madzi akutsetsereka pachifuwa. Yemweyo analinso papepala la sopo aliyense. Ife ana asukulu tinkadutsapo titaweramitsa mitu, koma amayi a pamsika ankaima n'kumaseka.

"Anzanga, wanga uja ndikamusambitsa ameneyu, mimba ija iphwa?"

"Gulani awiri, mwina ndi mano omwe amera!"

Ankagula ndithu. Dzina la sopoyo panalibe ankalitchula, ankangoti, "Tipatseni wa mwamuna uja." Mwezi usanathe ankakhala atatha m'sitolo.

Tsiku lina ndinaperekeza alamu kukagulitsa mtedza. Titafika pakhoma lija anaima, dengu lili pamutu. Ine ndinachita manyazi, ndinawakoka nsalu.

"Taonani phewa ilo, alamu," anandinong'oneza. "Lakumanzerelo, mmene latsikira."

Ndinakweza maso. Nkhope inali ya mlendo, yosekerera mopanda nkhawa. Koma phewalo linali la achimwene, lopendekeka pang'ono, monga ankaimira pachitsime akamatsuka thonje la kumunda m'tsitsi. Kuyambira pamenepo, ndikamapita kusukulu ndinkaona phewalo pa amuna apanjinga, pa olima m'minda, ndipo aliyense akatembenuka sanali iwo.

Sopoyo alamu sanasambepo. Akagula ankapatsa mnzawo wina, iwo n'kusunga pepala lokha.

Zonsezi ndinkazidziwa pamene azakhali ankakalipa. Koma ndinangopitiriza kuswa mtedza. Ine ndinali mwana woti mlendo akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi. Amayi anatuluka, anayang'ana timapepala tija patali ngati chinthu chodetsedwa, n'kunena kuti akuluakulu adzakhala pansi mawa Misa ikatha. Alamu anakumbatira mwana mpaka analira.

Azakhali anaponya timapepalato pamoto, koma kamodzi kanauluka n'kugwera m'makoko a mtedza. Ndinakabisa m'thumba la diresi.

Madzulo ndinalemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku. Ndinalemba kuti mawa, tisananyamuke kupita ku Misa, ndidzawapeza amayi ali okha. Ndidzaika kapepalako m'manja mwawo, ndidzaphimba nkhope ya mlendoyo ndi chala changa chachikulu, ndipo ndidzawapempha kuti ayang'ane phewa lokha.