Azana ya agogo anga

Fungo la usipa wouma pathandala likangondipeza, ndimaona agogo anga aamuna atakhala pakhonde ku Senga Bay, kofiya itapendekeka kubisa chipsera, dzanja lamanja lili lende pabondo.

Anali mwazini, woitanira anthu ku swala pamzikiti wathu. Chaka chimene zipani zinachuluka, lole yopita ku msonkhano inawagunda ali panjinga mumsewu wa ku boma. Kuchipatala anabwerako amoyo, koma mawu anatsalira komweko. Akafuna madzi ankangoti ujeni, ujeni, mpaka kumenya mphasa ndi ukali. Nzeru zinalimo zonse, tinkaziona m'maso mwawo, koma pakamwa pa anthu sipachedwa: ena ankati apenga, ena ankati awalodza. Akuluakulu anaika mnyamata wina pamalo pawo osawauza n'komwe, ndipo azana, mfuu yoitanira ku swala ija, ikamveka agogo ankatembenukira kukhoma.

Njira anaitulukira ndi agogo aakazi, mayi wosadziwa kukhala chete. Tsiku lina akutsuka mbale uku akung'ung'udza kasida, nyimbo yachisilamu, amuna awo anailandira nyimboyo, mawu onse osaphonya. Kuyambira pamenepo kwathu ngakhale mchere unkapemphedwa moyimba. Anansi ankaseka, ife osalabada.

Agogo aakazi anakapempha shehe kuti amuna awo abwerere pantchito. Shehe anakana mwaulemu, ati akakakamira pakati pa azana manyazi adzagwira mudzi wonse.

Lachisanu lina mnyamata uja anakwera lole ya chipani kukalandira malaya aulere. Dzuwa linafika paliwombo, mzikiti uli zii. Agogo aakazi anatulutsa mkanjo woyera.

"Tiyeni, bambo. Wokuletsani ayambe wakankha ine."

Agogo aamuna anayenda mokoka mwendo, naima pakhomo pa mzikiti, dzanja limodzi lokha pakhutu poti linalo silinkakwera. Kenako mawu anatuluka, aakulu, osalala, mpaka amayi ochapa kunyanja anaweramuka ndi zovala m'manja. Sanakakamire paliponse. Ndinkauza aliyense wodutsa kuti amenewo ndi agogo anga, ngati panali wosawadziwa.

Itatha swala, shehe anawagwira dzanja lolumala lija n'kuwapempha kuti madzulowo aitanenso. Anaitana mpaka chaka chimene anatisiya.

Lero ndikakumana ndi munthu amene mawu akumukanika, sindimumalizira zonena zake. Ndimakhala pansi n'kudikira, chifukwa ndikudziwa kuti mwiniwake ali momwemo.