Madengu a Kumlatho

Mayi woluka tsitsi pakhonde la sitolo ya nsalu anthu ankamutcha Nazala, poti zala zake sizinkapuma ngakhale akukangana ndi munthu. Makolo atamwalira, ndiye analera mlongo wake wachibwibwi mpaka kumugulira zida zosokera nsapato. Mlongoyo sanakwatire. Ankakhala yekha kuseri kwa msika.

Chaka china amayi atatu anapezeka ataphedwa m'kanjira ka kumlatho, onse dzuwa likuswa mtengo, akuchokera kumsika. Apolisi anamata pepala la katswiri wina wochokera kutali, lonena kuti wakuphayo ndi mwamuna wokhala yekha, wosacheza ndi anthu. Dzuwa lisanalowe, zala zonse zinaloza wosoka nsapato uja, apolisi n'kumutenga.

Nazala sanalire pagulu. Ankangoluka, uku akufunsa aliyense womukhalira pamiyendo: munamva zotani, anaona ndani, dengu linali pati? Kenako wapolisi wamkazi anabwera kudzalukitsa.

"Weramani, abwana," anatero Nazala. "Tsitsi lanuli n'louma ngati mitima ya kuntchito kwanu."

"Lukani tsitsi, mayi. Za mlandu zisiyeni."

"Ndikungofunsa. Madengu a amayi aja munawapeza atatayika?"

"Ayi, atakhazikidwa bwinobwino. Ngakhale tomato mmodzi sanaphwanyike."

"Nanga nkhata zawo zosenzera?"

"Zinali m'manja mwawo."

"Ndiye kuti anatula okha. Inu mungatulire katundu munthu amene mukumuopa? Mlongo wanga pofuna kumaliza kunena kuti 'ndikulandireni', mayiyo amakhala atafika kale kunyumba, madzi atatereka. Funani wa pakamwa pokoma, amene tonsefe timamuti achimwene."

Wapolisiyo anadzuka, namanga mpango pamutu woluka mbali imodzi, n'kumapita.

Patatha sabata mlongo uja anatuluka, diso limodzi lotupa, chibwibwi chitawonjezeka. Nazala anasamutsira benchi la nsapato la mlongoyo pakhonde pomwepo, pafupi ndi mwendo wake. Pepala lija apolisi analimatula, n'kuyamba kufunsa onyamula katundu ndi ena okonda kuperekeza amayi. Mpaka lero palibe amene wagwidwa.

Nazala anatembenuza mpando wake kuti uziyang'ana kumsewu. Amalukabe, amatukwanabe tsitsi la anthu. Koma mwamuna akangoyandikira mayi wosenza dengu, akumwetulira, n'kuti "Achemwali, ndikulandireni," zala zija zimaima, mpaka ataona kumene awiriwo akhotera.