Mabuku a Twaha anathera pakati

Twaha Kachingwe ndi munthu wamutu, koma mutu wake womwewo ndi umene unandipsetsa mtima chaka chonse chatha. Tinkagwira ntchito limodzi pakampani ina yogula thonje ku Balaka, iye ku akaunti, ine polandirira alendo. Abwana anali atamuuza mosabisa kuti mpando wakewo ukufuna munthu wa satifiketi. Akalephera mayeso a Disembala, abweretsa wina, ndipo iye abwerera kukayeza thonje pasikelo ku Chikweo kumene anayambira.

Kwawo ndi kwa Kawinga. Anakulira ku madrasa, kumene ashehe sankalola mwana kutembenuza tsamba asanaliloweze lonse pamtima. Njira imeneyi inamulera bwino, moti mpaka lero akamawerenga kumzikiti anthu amangoti zii. Vuto ndi lakuti anaitengera ku mabuku a akaunti, zimabuku zonenepa ngati njerwa. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, akugwedeza mutu, kubwereza ndime imodzi mokweza mpaka alonda anayamba kumutsatira mawu.

Mayeso amenewa ine ndinalembako gawo loyamba ndisanasiye chifukwa cha ana, ndiye ndimawadziwa. Ndinamuuza kuti athamange nalo buku lonse kaye, ngakhale zina asakuzimvetsa, kenako agwire mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo wotchi ili patebulo. Mapepalawo ndinachita kukamutengera kwa mnzanga Sofia ku Liwonde. Anawalandira ndi manja awiri, n'kuwatsekera m'dirowa. Akuti kudumpha tsamba n'kudzinamiza, akuti kuthamanga si kufika. Ndinamuyankha kuti kukwawa nakonso si kufika.

Pofika Okutobala anzake okonzekera nawo mayeso a m'gulu la pafoni anali akubwereza bukulo kachiwiri, iye adakali pamutu wachinayi. Za misonkho anali asanazikhudze n'komwe. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Tsiku lina ndinachita kumulanda bukulo, n'kulitsegula chakumapeto.

"Iyayi achemwali, nyumba sayambira kudenga," anatero mofatsa, akulibwezera pomwe analekezera.

"Nanga pamaziko okhaokha mudzagonapo?" ndinamufunsa.

Anangoseka. Bola akanakhala waulesi, ndikanamusiya ndi mtima woyera. Koma munthu ankawerenga kuposa aliyense, mpaka kuonda.

Mayeso anakalembera ku Blantyre. Funso loyamba linachokera m'mitu yake yomwe ija, ndipo analiyankha ndi mtima wonse, masamba ndi masamba. Pamene woyang'anira ankati zolembera pansi, mafunso otsalawo anali atangowaona ndi maso. Atabwerako anandifotokozera mokondwa kuti pafunso loyambalo sanaphonye liwu. Ndinangotuluka panja, chifukwa ndikanayankha tikanadana.

Zotsatira zitatuluka zoti walephera, mpando uja abwana anapatsa Walter, mnyamata wochokera ku Zomba. Twaha sanatsutse. Akazi ake ndi ana anatsogola paminibasi kupita ku Chikweo, iye anatsalira kumangirira katundu. Asananyamuke anafika patebulo panga ndi mabuku ake m'jumbo.

"Mukapatse wina amene akulemba," anatero. "Koyambirira adetsedwa ndi manja, koma kuyambira pakati mpaka kumapeto ndi atsopano."

Atapita ndinatsegula limodzi. Masamba ena anali adakali omatana.