Chinkhwe cha m'katoni

Khola la mbalame tinalimanga mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amuna anga anali atangotuluka m'chipatala atadwala sitiroko. Dzanja lamanja linali litafa, ndipo mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde la nyumba yathu ku Silverest, maso ali pampanda. Anansi athu onse amalawirira ku ntchito ku Lusaka, choncho masana kumangoti zii. Za mbalame ndinaganiza ndine, chifukwa kale, akadali mphunzitsi, amuna angawo ankaweta nkhunda.

Ndinkafuna zinkhwe, koma sindinkadziwa mtundu woyamba nawo. Mnzanga wa kutchalitchi anandilozera kwa mayi wina wa ku Chalimbana amene mbalame zake zinkaikira ndi kuswa chaka chilichonse. Mayiyo anandizungulitsa m'makola ake atavala majombo. Anandionetsa zina za tsumba pamutu, zina zazifupi zonenepa zimene anati zimalumana zala zikapanikizana, kenako tinaima pa timbalame tating'ono tobiriwira ndi tachikasu.

"Yambani na mabaji aya," anatero. "Yamadya mapira na ndiwo zamasamba, yamaswa mosavuta, ndipo mukalakwitsa pang'ono siyafa musanga. Mubwere pakapita masabata yabili, nizakusankhilani yamuna yabili na yakazi yabili."

Ndinafunsa za chinkhwe chachikulu chotuwa chija chimalankhula.

"Icho osayesa, amai. Chifuna munthu wochiziba. Ndipo vambili vamene bagulisa mumiseu ni vogwila mu sanga. Kopanda mapepala ni mulandu."

Loweruka lotsatira, masana, kunabwera alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene amayendetsa thiraki mpaka kumalire a Congo. Ndi iwo ananyamula mng'ono wawo kupita naye kuchipatala tsiku limene anagwa, ndipo sanachoke pambali pa bedi mpaka anatsitsimuka. Munthu wotere sumukanira kanthu mwachisawawa. Anatsitsa katoni yobooledwa m'mbali, yomangidwa ndi chingwe, nalowa nayo m'khola n'kuimasula.

Munatuluka chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira. Phiko limodzi linali lodulidwa moipa, magazi atauma. Pamsana nthenga zinali zitamatana ndi ulimbo. Chinathawira pakona n'kuyamba kulira, kulira kosasa mawu kumene sindinamvepo kwa mbalame iliyonse.

"Ichi chizamuphunzisa kukamba mung'ono wanga," anatero alamu, akupukuta thukuta.

Ndinayang'ana pakhonde. Amuna anga ankamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, koyamba chidwalireni.

"Alamu, zikomo kwambiri," ndinatero motsitsa mawu. "Nanga mapepala ake alipo?"

"Mulamu, nakubweleselani mphaso, imwe munifunsa mapepala monga tili pa lodibuloko?"

Sanadikire ngakhale madzi akumwa.

Masiku atatu chinkhwecho sichinadye. Ndinayesa mtedza, nthochi, chimanga chachiwisi cha kudimba, chinkangozitaya. Chinayamba kudzizula nthenga za pachifuwa mpaka khungu linaonekera. Lolemba ndikusintha madzi chinandiluma chala, magazi anayenderera mpaka pachigongono. Chikalira, mayi wosesa kunyumba yoyandikana nayo ankasuzumira pampanda. Galimoto ikachepetsa liwiro pageti, ndinkangoti ndi apolisi. Amuna anga anasuntha mpando wawo n'kumakhala pafupi ndi waya, koma kumwetulira kuja kunali kutatha.

Lachiwiri m'mawa ndinachipeza chili pansi, maso atatsinzina pang'ono. Ndinaimbira mayi wa ku Chalimbana uja.

"Chizafela mumanja mwanu," anatero. "Itanani ba zanyama bachitenge, bali na madokota. Koma zibani kuti bazafunsa kwamene chinachokela."

Ndinakhala pasitepe foni ili m'manja. Kuitana a boma oona za nyama zakutchire kunali ngati kupereka alamu anga. Kusawaitana kunali kuonerera mbalame ikufa pamaso pa wodwala. Ndinaganiza zoyamba ndauza alamuwo, kuti asamvere kwa ena.

Anafika pasanathe ola, atabwereka galimoto ya mnzawo, ndipo sanakhale pampando umene ndinawapatsa.

"Mufuna kunimangisa?" anafuula. "Pa vonse vamene nachita pa nyumba ino? Nipaseni, nizachipeleka kwa munthu wina."

Anayamba kulowera kukhola katoni ili m'manja. Ine ndinaima pachitseko. Sindinkadziwa chimene ndikanachita akanandikankha. Chikwatiwireni m'banja limenelo ndinali ndisanawayankhepo mokweza.

"Chokani, mulamu."

"Alamu, chikalowanso m'katoni sichifika kulikonse."

Pamenepo tinamva ndodo ikugogoda pasimenti. Amuna anga ankayesa kuimirira. Milomo inagwedezeka kanthawi popanda mawu.

"Achimwene," anatero potsiriza. "Chi... chikudwala. Ngati ine. Chisiyeni."

Alamu anaponya katoni pansi. Anayang'ana mng'ono wawo, kenako ine, n'kutuluka pageti osalitseka.

A zanyama ndinawaimbira, ndipo anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, mayi ndi bambo. Anachikulunga m'thawulo mwaluso moti sichinalire n'komwe. Atafunsa kumene chinachokera, ndinanena zoona, kuti wachibale anachigula m'mbali mwa msewu kuti asangalatse wodwala. Analemba zonse, natenga nambala ya alamu. Ndinamva pambuyo pake kuti anawaitanitsa, anawafunsa tsiku lonse za wogulitsayo, n'kuwamasula ndi chenjezo. Ngati chinkhwecho chinachira, sindinamve.

Khola ndinalitsuka ndi mankhwala katatu mabaji asanabwere. Pofika Januwale yaikazi imodzi inaikira mazira asanu m'kabokosi, anaswa atatu. Amuna anga ndi amene ankathira mapira ndi dzanja lamanzere, ambiri akutayikira pansi.

Alamu sanapondenso pakhomo pathu nyengo yonse ya mvula. Tinakumana pamaliro a azakhali awo ku Chongwe. Anagwada pambali pa mpando wa mng'ono wawo, nagwira dzanja lakufa lija kwa nthawi yaitali, akulankhula motsitsa. Podzuka anandiona ndili chiimire ndi beseni la mbale. Anangogwedeza mutu kamodzi. Ine ndinapinda mawondo pang'ono, n'kupitirira kumpopi kumene azimayi anzanga ankandidikira.