Mbale Yopanda Kanthu

Achemwali anga anasoka zovala kwa zaka khumi ndi zinayi asanaponde pa yunivesite. Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Muli makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, galasi losweka pakona, ndi benchi imene makasitomala amakhalapo n'kumatiuza nkhani za anthu amene sitikuwadziwa. Iwo ankakhala pa makina a kuwindo, ine a kukhomo. Sukulu anaisiyira panjira mayi athu atadwala, ndipo palibe tsiku limene ndinawamva akudandaula. Koma mu dilowa ya makina awo, pansi pa mabatani ndi mazipi, munkakhala buku lakale la bayoloji lothothoka chikuto. Magetsi akazima, ine ndinkapita kukacheza kwa ometa, iwo ankatsegula bukulo.

Mwana wawo wamkazi atalowa sekondale, achemwali analembetsanso sukulu, n'kulemba mayeso limodzi ndi ana amene tinkawasokera mayunifolomu. Anakhoza bwino. Tsiku limene anatiuza zimene akukaphunzira ku yunivesite, amuna awo, alamu anga, anaika kapu ya tiyi pansi.

"Ndiye kuti mudzakhala dokotala?"

"Ayi. Ndikukaphunzira za maselo."

"Maselo ndiye chiyani?"

"Timatumba ting'onoting'ono tamoyo timene tapanga thupi lanuli, ndi mtengo uwo, ndi ntchentche iyo. Ndikufuna ndikaone zimene zimachitika m'kati mwake."

"Zaka zinayi kuphunzira zinthu zosaoneka," anatero alamu, "pamene malaya anga oonekawa alibe batani."

Koma tsiku loyamba ndi iwo omwe ananyamula chikwama kuwaperekeza pokwerera basi, akuuza aliyense pamsewu kumene akazi awo akupita.

Shopu inatsala m'manja mwanga, ndipo ndisaname, ndinali ndi kamkwiyo. Maoda a anthu awiri anagwera munthu mmodzi. Achemwali ankabwera Loweruka lokha kudzandithandiza, ndipo thandizo lawo linali la pakamwa kuposa la m'manja. Ndikupinda siketi, iwo ali pa nkhani ya mmene selo limakoperera malangizo ake lisanagawikane pawiri, ndi mmene limabwererera m'mbuyo kukasula pamene lalakwitsa. Ndinkawayankha kuti selolo alibweretse kuno, ndili ndi madiresi asanu ndi atatu a kwaya.

Anzawo a m'kalasi ankawatchula kuti Anti. Chaka choyamba masamu ndi kemisitiri zinawatulutsa thukuta, moti ankaphunzitsidwa ndi ana amene akanatha kuwabereka. Koma mu labotale, mmene ntchito ndi ya manja, ana omwewo ankawazungulira kudzaonerera. Kumeneko munthu amadontheza kadontho kochepa kuposa msozi m'kabowo kochita kutsinzinira diso limodzi kuti ukaone. Ena ankaphonya, ena kuboola pambali. Dzanja limene lalowetsa ulusi pa singano kwa zaka khumi ndi zinayi silinjenjemera, ndipo achemwali ankabwera kunyumba akuyenda monyang'wa.

Chaka chomaliza wophunzira aliyense amachita kafukufuku wakewake, ndipo popanda iyeyo digiri palibe. Wawo anali wa yisiti, yemweyu wofufumitsira buledi. Ankafuna kudziwa chifukwa chake maselo ena a yisiti amapirira mchere wambiri pamene ena amafa. Ankawafesa pa timbale tozungulira tokhala ndi chakudya cholimba ngati phala lozizira, n'kutivundikira, n'kutiika m'kabati yofunda kwa masiku atatu. Pantchitoyi pali lamulo limodzi losaphwanyika. Pa mbale zonse pamakhala imodzi imene umaivundukula ngati zinzake, osafesapo kalikonse, n'kuivundikiranso. Pakatha masiku atatu mbale imeneyo iyenera kukhala yopanda kanthu. Pakangomera chinthu, ndiye kuti tizilombo tachilendo talowa, ndipo mbale zina zonse zimatayidwa, chifukwa sungadziwe kuti chamera ndi chimene unafesa kapena chobwera chokha.

Katatu konse mbale yopanda kanthu ya achemwali inamera timadontho toyera ndi tachikasu. Anapukuta tebulo ndi sipiriti mpaka zala kusuwa. Anaphika chakudya cha maselo chatsopano, anawiritsa zida zonse mumphika wa nthunzi, anayandikira kamoto ka gasi kamene amagwirira ntchito pambali pake mpaka kutsala pang'ono kuwauka nsidze. Timadontho tinkangobwerabe. Anzawo, ngakhale aja osadziwa kutsuka kapu, mbale zawo zinkatuluka zoyera.

Loweruka lina anafika ku shopu n'kukhala pa benchi ngati kasitomala.

"Kwatsala masabata asanu ndi limodzi, ndipo ntchitoyi imafuna asanu," anatero. "Zikawonongekanso, ndiye kubwereza chaka."

"Ndiye mubwereza, achemwali. Simukhala oyamba."

"Sindibwereza, iwe. Chaka chamawa ndi nthawi ya mwana wanga kulowa yunivesite, ndipo bambo ake apirira zokwanira. Zikakanika ndibwerera pa makina anga. Mwina ndi pamene pali malo anga."

Kwa zaka pafupifupi zinayi ndinkalakalaka mawu amenewo. Nditawamva, mtima unandiwawa. Ndinazindikira kuti bola ndisoke madiresi a makwaya onse a mumzinda ndekha kusiyana n'kuwaona atabwerera chimanjamanja. Sindinawauze zimenezo. Ndinangowauza kuti achoke pa benchi chifukwa akhalira nsalu ya eni.

Amene anawapulumutsa ndi bambo woyang'anira labotale, munthu wamtali wa imvi, amene ophunzira anamupatsa dzina loti a Chete chifukwa mawu ake ankachita kuwerengeka. Lachiwiri anaima kumbuyo kwawo n'kunena kuti, "Anti, mawa mugwire ntchito ngati muli nokha. Ine ndikhala apo." M'mawa mwake anakhaladi pa kampando, manja pachifuwa, kwa maola awiri. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Achemwali anachita zonse mwa dongosolo lake, osalumpha kanthu. Atamaliza anatembenuka, akudikira kumva kuti vuto ndi kabati.

"Mumauzira," anatero a Chete.

"Ndimatani?"

"Musanavundikire mbale iliyonse, mumati fuu pa chivundikiro."

"Ine? Bambo, ndine munthu wamkulu ine. Zimenezo sindingachite."

"Tengani ina."

Anatenga ina, kuivundukula, kufesa, kunyamula chivundikiro, ndipo anaimva okha milomo yawo ikuti fuu.

Atandiuza pafoni masana amenewo, ndinaseka mpaka wometa anasuzumira pakhomo lumo lili m'manja. Fuu ameneyo ndimamudziwa bwino. Telala aliyense amauzira. Timauzira tizidutswa ta ulusi pa makina, timauzira choko pa nsalu, timauzira kolala tisanapereke malaya kwa mwini wake. Ndi ukhondo wa pantchito yathu, ndipo anatiphunzitsa ndi mayi athu. Tsono mpweya wa m'kamwa umanyamula tizilombo tambirimbiri. Mayi waukhondo kuposa onse m'kalasimo ndi amene ankafesa za m'kamwa mwake pa mbale iliyonse, n'kuivundikira bwinobwino kuti zimere.

"Ukuseka chiyani, iwe?" anandifunsa, mawu akumveka kuti alira kale.

"Pepani, achemwali. Ndangouzira foni pompano."

Anasekanso iwowo.

Kudziwa n'kwina, kusiya n'kwina. Masiku awiri otsatira nyumba yonse inasanduka alonda. Ndinapitako Lachinayi nditatseka shopu, ndipo ndinapeza mwana wawo akuwatsatira kukhitchini. "Amayi, mwauziranso!" Anali atauzira chivundikiro cha poto. Posapita nthawi anauzira magalasi awo, kenako tsamba la buku. Alamu ankangokweza chala osachotsa maso pa nyuzipepala. Pomaliza achemwali anakhala patebulo ndi zivundikiro zonse za m'nyumbamo, masiki kukamwa, n'kumavundukula ndi kuvundikira mapoto ataluma mlomo, mpaka manja ataphunzira kugwira ntchito popanda pakamwa.

Lachisanu anafesanso. Loweruka sanabwere ku shopu, ndipo ine sindinawaimbire foni, poopa kuwafunsa funso limene yankho lake linali litatsekeredwa m'kabati.

Lolemba m'mawa foni inalira ndili pakati podula diresi.

"Bwera. Sindingatsegule kabati ija ndekha."

"Si muli ndi a Chete kumeneko?"

"Ndati bwera."

Ndinasiya sizasi pa nsalu, kukhoma chitseko, n'kukwera basi. Alendo saloledwa kulowa mu labotale, choncho ndinaima m'khonde, pa chitseko chokhala ndi kagalasi pakati. M'katimo munali matebulo aatali akuda, mabotolo olembedwa pamanja, ndi ana awiri ataweramira pa maikulosikopu. Achemwali atandiona anakweza masiki awo, n'kupita pa kabati. Anatulutsa mulu wa timbale. Zofesedwa anaziika pambali osaziyang'ana n'komwe. Ya pansi penipeni, yosafesedwa ija, anainyamula ndi manja awiri, kupita nayo pawindo, kuikweza powala, kuipendeketsa uku ndi uku. Anaipereka kwa a Chete. Bambo aja anaiyang'ana nthawi yaitali moti ndinafuna kugogoda pagalasi, kenako anagwedeza mutu kamodzi, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Achemwali anabwera nayo pachitseko n'kuigunditsa pa kagalasi kaja, pamaso panga penipeni. Inali yosalala, yoyera, moti ndinkaona zala zawo kuseri kwake.

"Mulibe kanthu, achemwali," ndinatero mokweza kuti amve.

"Mulibe kanthu!" anayankha, misozi ikutsikira mu masiki. "Pita ukasoke, iwe. Ine ndili ndi ntchito ya masabata asanu."